Ulendo wa ku Brown County: geti, nsima ndi nkhani ya nkhuni

Mayi a Tadala: Mwaswera bwanji nonse. Nkhani ya ulendo ija chonde tiimalize sabata ino, Okutobala wayandikira ndipo malo kumeneko amatha msanga. Ambiri munasankha Brown County State Park, paki ya nkhalango ya boma la Indiana kuno ku America. Chatsala n'kugwirizana tsiku, komanso ngati tikagone kapena tipite n'kubwerera. Amene muli pa shifiti muwerenga mukaweruka, koma musadzati sitinakuuzeni.

Bambo a Yamikani: Zikomo mayi. Koma ndifunse kaye. Munati ndi pafupi ndi Nashville, ndiye ndalemba Nashville mufoni, ikundiuza kuti kuchokera kuno ku South Bend ndi maola pafupifupi 7. Ndi ana atatu kumbuyo, ulendo umenewo ine ayi.

Kondwani wa ku Bloomington: Bambo, foni yakutengerani ku Tennessee imeneyo. Nashville yathu ndi ya mom'muno mu Indiana, katauni kakang'ono koti anthu ake sakwana n'komwe 2,000. Kali pamsewu wa 46, pakati pa Columbus ndi Bloomington. Inu mutsike ndi US 31 mpaka Indianapolis, mulowe I-65 kulowera kummwera, mutuluke pa Columbus, kenako 46 kulowera kumadzulo. Maola atatu ndi theka mwafika. A ku Indianapolis ndi ola limodzi ndi kanthu basi.

Bambo a Yamikani: Ndapulumuka. Ndikanakafika kwa oimba magitala anzanga akudya kanyenya kuno.

NaBanda: Ine ndingofunsa zomwe amayi onse akufuna kufunsa koma akuchita manyazi. Zimbudzi zilipo? Madzi alipo? Chifukwa mukati nkhalango ine ndikuganiza zokabisala kuseri kwa mtengo, ndipo msinkhu umenewo ndinaudutsa kale.

Kondwani wa ku Bloomington: Zilipo anti, musade nkhawa. Misewu ya mkati ndi ya tara, galimoto imafika mpaka pamalo odyera. Pali zisakasa zikuluzikulu zamiyala ndi matabwa, zamatebulo ndi mabenchi, ndi zowotchera nyama pambali. Zina mumachita kubukitsa n'kulipira, tsiku lonse chimakhala chanu. Kumalo ogona m'matenti kuli mabafa a madzi otentha ndi zimbudzi zogejemula. Kwina kutali ndi kumene mungapeze zokumba, koma zomangidwa bwino. Pakiyi ndi yaikulu kuposa onse a boma la Indiana, maekala pafupifupi 16,000, ndiye tikapanda kugwirizana malo okumana tidzasakana tsiku lonse. Netiweki imathawa m'zigwa.

Mayi Busa: Ife tikuganiza zobwera pa basi yaing'ono ya mpingo ija, yadenga lalitali, kuti okalamba asavutike.

Kondwani wa ku Bloomington: Mayi, mwachita bwino kunena. Basi imeneyo isalowere geti la kumpoto. Pamenepo pali mlatho wakalekale wamatabwa, wofolera ngati nyumba, wanjira ziwiri. Unamangidwa mu 1838 kudera lina, ku Putnam County, n'kudzausamutsira pano mu 1932. Galimoto yotalika kuposa mafiti 9 sidutsa, yolemera kuposa matani 3 saloleza. Adalaivala anu alowere geti la kumadzulo, lomwe lili pamsewu womwewo wa 46 mukadutsa Nashville kulowera ku Bloomington. A magalimoto ang'ono dutsani pamlathopo, ana amasangalala ndi kulira kwa matabwa pansi pa matayala.

Mayi a Tadala: Pageti amalipiritsa galimoto, osati mutu wa munthu. Ulendo watha ife tinapereka madola 7 chifukwa nambala yathu ndi ya Indiana. Za maboma ena zimalipira mokwererapo. Ndiye dzazanani, osati aliyense yekhayekha m'galimoto ngati tikupita ku ukwati.

Anaphiri a ku Berrien: Ndiye kuti ife a ku Michigan tiwonjezerapo. Chabwino, sitikana. Koma dandaulo langa ndi la tsiku. Chaka chatha munaika Loweruka, ife a Sabata tinangoonera zithunzi. Chaka chino tiganizireni.

Mayi Busa: Nanga Lamulungu ife tisiye tchalitchi?

Anaphiri a ku Berrien: Mayi, mapemphero amachitika ndi pansi pa mtengo pomwe. Kwathu mipingo ingati inayambira pansi pa mkuyu?

Mayi Busa: Mwandigwira pakamwa. Ndikambirana ndi abusa madzulo ano. Mwina tikachite mwachidule pachisakasa pomwepo tisanayambe kuphika.

Kondwani wa ku Bloomington: Lililonse mwa masiku awiriwo, lawirani. Pakati pa Okutobala mpaka chakumapeto masamba akamasanduka ofiira ndi achikasu, anthu amakhamukira kumeneko ngati kumsika wa fodya. Mukafika 11 koloko mupeza mzere pageti, ndipo mu Nashville poimika galimoto pamasowa. Ine ndimalowa isanakwane 9.

Bambo a Yamikani: Ife kubwerera tsiku lomwelo n'kovuta, maola 7 pamsewu kuti tikakhale maola anayi. Zogona zili bwanji?

Mayi a Tadala: Mkati momwemo muli Abe Martin Lodge. Muli zipinda, malo odyera, ndi dziwe losambira la m'nyumba lokhala ndi chotsetserekapo ana. Pambali pali tinyumba tamatabwa, tina tili ndi khitchini moti banja lonse limakwana. Koma Okutobala anthu amabukitsa miyezi yambiri isanakwane. Ndaimba dzulo, usiku wa Loweruka n'kodzaza, akuti tiziyesa mwina wina asintha maganizo. Matenti ndiye alipo pang'ono.

NaBanda: Abe Martin ndiye mwini wake?

Kondwani wa ku Bloomington: Ayi anti, munthu ameneyo sanakhaleko n'komwe. Anali mkulu wa m'katuni ya m'nyuzi ya ku Indianapolis, wokamba zoseketsa za kumudzi, ndipo wolemba wake, Kin Hubbard, ankati mkuluyo amakhala ku Brown County. Hubbard atamwalira mu 1930 anatcha nyumba ya alendoyo dzina limenelo pomukumbukira. Inatsegulidwa mu 1932.

Bambo a Yamikani: Ife ndiye tenti. Ndili nayo ya anthu 6, sinagwirepo ntchito chiigulireni. Ndipo za nkhuni musavutike, ndibweretsa. Anandigwetsera mtengo wouma kuseri kwa nyumba, ndawaza mulu wonse, ndidzaza kumbuyo kwa galimoto.

Kondwani wa ku Bloomington: Bambo, pepani, nkhuni zimenezo zisiyeni ku South Bend. Unali mtengo wanji?

Bambo a Yamikani: Odulawo anati ash. Unangouma wokha kuyambira kunsonga.

Kondwani wa ku Bloomington: Ndiye ndi womwewo amauletsa kwambiri. Chinaumitsa mtengo wanu mwina ndi kachilombo kobiriwira kotchedwa emerald ash borer. Kanachokera ku Asia, anakatulukira koyamba cha ku Detroit mu 2002, ndipo kapha mitengo ya ash yosawerengeka. Mphutsi zake zimakhala kunsi kwa khungwa n'kumadya njira zomwe madzi amayendamo, ngati mmene nankafumbwe amachitira m'chimanga, kunja osaoneka. Pakokha kamauluka pang'ono, koma m'galimoto yanu kayenda mamailosi 200 tsiku limodzi. Lamulo la mapaki a Indiana ndi lakuti nkhuni zolowa zikhale zosendedwa khungwa lonse, kapena zogula zokhala ndi chidindo cha boma, kapena zidutswa za matabwa ouma a kufakitale. Pamalo ogonawo pali sitolo, amagulitsa mitolo.

Bambo a Yamikani: Chabwino, zanga ndisiya. Koma kugula nkhuni m'nkhalango? Timangotola zogwa zokha basi. Ana atolere, aphunzire ntchito.

Kondwani wa ku Bloomington: Nazonso n'zoletsedwa. Ngakhale nthambi youma yogwa yokha. Amati iwolere pomwepo ibwerere m'nthaka.

NaBanda: Ha! Dziko ili lili ndi zake. Mtengo wagwa wokha, wauma, chiswe sichikuufuna, koma ine ndikagule kamtolo ka nkhuni zisanu. Amayi anga ku Dedza ndikawauza adzati ndapenga.

Ankolo Chisale: Ndakhala ndikuwerenga chete. Kondwani, mwana wanga, tauza anthuwa zimene unandionetsa tsiku lija ku nyumba yophunzitsira zachilengedwe, za mmene malowa analili kale. Ine zinandikhudza.

Kondwani wa ku Bloomington: Ankolo akunena izi. Nkhalango imene mukaioneyo si yachikhalire. Zaka za m'ma 1800 anthu anadula pafupifupi mapiri onsewo, mitengo ya matabwa, ya njanji, makungwa ofufutira zikopa, kenako n'kulima m'malo otsetsereka. Nthaka ya kumeneko ndi yopyapyala. Mvula inakokolola, minda inasanduka zigwembe, anthu anasauka n'kuyamba kuthawa. Pakati pa 1890 ndi 1930 chiwerengero cha anthu m'boma la Brown chinatsika pafupifupi ndi theka. Boma linayamba kugula mindayo mu 1924 kuti asungiremo nyama, pakiyo inatsegulidwa mu 1929. Kuyambira 1934, nthawi ya umphawi waukulu ija ku America, boma linalemba anthu osowa ntchito m'gulu la Civilian Conservation Corps. Amenewo ndi amene anabzala mitengo m'zigwembe, kukonza njira, ndi kumanga zina mwa zisakasa zamiyala zomwe tikadyeremo.

Ankolo Chisale: Eya. Ine ndinaima pamalo aja amati Hesitation Point, pomwe umaona mapiri atasanjikizana mpaka kumene maso alekezera, onse mitengo yokhayokha, nkhungu itagona m'zigwa. Mtima unandipita ku Zomba. Ndinakulira kunsi kwa phiri lija. Tili anyamata tinkakwera wapansi kudzera njira ya mbatata, kukafika ku Mulunguzi, ku mathithi a Williams, nthawi zina mpaka ku Emperor's View. Paini anali wothithikana moti masana kunkachita mdima, pansi pali phukusi la masamba ake, ukamayenda osamveka mapazi. Anyamata ogulitsa sitiroberi ndi nthudza atandandalika m'mbali mwa msewu. Nditapitako ulendo wapitawu ndinapeza mbali zina zili mbee, zitsa zokhazokha ndi moto wolusa. Ndiye kumva kuti kuno nakonso kunafika pamenepo, n'kubwerera mwakale pa moyo wa munthu mmodzi, ine kamtolo ka nkhuni ndigula mosadandaula.

NaBanda: Ankolo, ndi ulemu wonse, musafanizire. Kuno munthu amatembenuza kabatani gasi n'kuyaka. Mayi wa ku Chinamwali akapanda makala kapena nkhuni ana agona ndi njala, magetsi ake omwewa ozimazima. Komanso mwamva Kondwani, alimi aja anachoka, anapita kukagwira ntchito m'matauni, boma n'kuwagula malo. Athu apite kuti? Nkhalango imabwerera pomwe anthu apeza kolowera.

Ankolo Chisale: Sindikutsutsa, NaBanda. Mayi wosenza mtolo pamutu si amene anamaliza Chikangawa. Kumeneko kunalowa macheka a injini ndi malole. Koma zoona, mawu ako ali ndi fupa.

Anaphiri a ku Berrien: Nkhani imeneyi mukaipitirize pamoto usiku, ikuoneka kuti ndi yaitali.

Mayi a Tadala: Zikomo Anaphiri. Tibwerere ku mphika. Nsima tiphika bwanji? Zowotchera zawo zija ndi zabwino pa nyama, koma mpoto waukulu sukhazikika, ndipo makala a kuno moto wake ndi waulesi. Ulendo watha madzi anatenga chaka kuti awire, phala linachita mitanda.

Mayi Busa: Tili ndi chitofu cha gasi cha miyendo itatu, chija amakazingira nkhukundembo. Chimanyamula mpoto wa anthu 30 bwinobwino. Ndibweretsa ndi mthiko waukulu unachokera kumudzi. Koma ovundula akhale abambo, mkono wanga unatha.

Bambo a Yamikani: Ndivundula ine. Nkhuni mwandikaniza, mthiko musandikanize.

NaBanda: Ufa ndibweretsa woyera, ndi wamgaiwa pang'ono wa a shuga. Nyemba ndiphikiratu kunyumba. Wina abwere ndi mpiru kapena repu, ndi nsinjiro. Chipande ndi mbale yamadzi opakulira musaiwale, chaka chatha tinapakula ndi kapu.

Mayi a Tadala: Ndipo matumba a zinyalala. Pamalo ochezera masana zinyalala zako umanyamula wekha potuluka. Tisasiye mafupa ndi mapepala anthu n'kumati Amalawi anadutsa pano.

Kondwani wa ku Bloomington: Ogona m'matenti, chakudya chonse chigone m'galimoto. Kuli tinyama totchedwa raccoon, tokhala ndi mizere yakuda m'maso ngati mbava yovala chigoba, manja ake ngati a mwana. Ine ndinasiya bokosi lozizira pansi pa tebulo, ndaikapo mwala pamwamba, ndikudziona wochenjera. Cha m'ma 2 usiku ndikumva kukwekwesa. Ndikuwalitsa tochi, kamodzi kakhala pabenchi kagwira soseji ndi manja awiri, kakundiyang'ana osathawa, anzake awiri ali mkati mwa bokosi. Buledi anamukokera kutchire ndi pepala lomwe. M'mawa tinamwa tiyi wopanda kanthu.

Anaphiri a ku Berrien: Anyani a kuno amenewo.

Mayi Busa: Nanga ana akachita chiyani tsiku lonse? Achinyamata athuwa ukawachotsa pa intaneti amakhala ngati odwala.

Kondwani wa ku Bloomington: Zochita zilipo. Pafupi ndi geti la kumpoto pali khola la mahatchi, amakweza anthu n'kuyenda nawo m'nkhalango wotsogolera ali patsogolo, ndipo ana aang'ono amawakweza timahatchi tating'ono mozungulira bwalo. Zimenezo n'zolipira padera. Pali nsanja yachitsulo ya mafiti 90 pa Weed Patch Hill, yomwe kale ankaonerapo moto wa m'tchire, amene miyendo ili bwino akwere. Ku nyumba ya zachilengedwe kuli njoka ndi akamba amoyo m'magalasi, ndi zenera loonerapo mbalame. Oyenda pansi, njira nambala 7 imazungulira nyanja ya Ogle, mailo imodzi ndi theka, agogo omwe atha. Nambala 8 ndi ya anyamata, ili ndi masitepe amatabwa osatha, potsika mumaseka pokwera mumatukwana. Njira za njinga za m'mapiri ziliponso zambiri, anthu amachokera maboma ena kudzapalasa, koma osayendamo mwachisawawa ndi ana, amatsika ngati mphepo.

Bambo a Yamikani: Nyanja mwatchulayo tisambamo? Yamikani akufunsa.

Kondwani wa ku Bloomington: Ayi, ndipo dzina lakuti nyanja lisakunamizeni, ife a ku Mangochi tingati damu. Ogle ndi maekala 17, inzake Strahl ndi 7. Kusambamo saloleza. Kuwedza amalola ngati muli ndi chiphaso cha Indiana, chimagulidwa pa intaneti, ana osakwana zaka 18 safunika kukhala nacho. Muli tinsomba tina totchedwa bluegill, tofanana ndi makumba, tokoma tikakazingidwa. Dziwe lalikulu losambira la panja lilipo koma limagwira nyengo yotentha yokha, Okutobala n'lotseka.

NaBanda: Bwererani pa njoka paja. Zili m'magalasi mokha?

Kondwani wa ku Bloomington: Zilinso kutchire anti, sindinama. Zaululu ndi ziwiri, copperhead ndi ija ya mchira wolira ngati maseche, timber rattlesnake. Koma kukamazizira zimalowa m'mapanga, ndipo sizithamangitsa munthu. Chachikulu, mukaiona musaiphe. Ya masecheyo yatsala pang'ono kutha mu Indiana, ndi yotetezedwa ndi lamulo.

Ankolo Chisale: Apa ndiye pandivuta ine. Dzanja limangopita lokha pa ndodo.

NaBanda: Mwaona ankolo? Pa nkhuni munali mbali ya boma.

Mayi a Tadala: Ine njoka sindiziopa ngati nkhupakupa. Ndimagwira ntchito kuchipatala, ndaona anthu akuvutika ndi matenda a Lyme. Za kuno zina n'zazing'ono ngati njere ya chitowe, ndipo zimaluma ngakhale Okutobala. Ana avale mathalauza aatali olowetsa m'masokosi, muwapopere mankhwala, ndipo madzulo muwayang'ane kuseri kwa makutu, m'khwapa, m'chiuno ndi m'tsitsi. Mukaipeza izuleni ndi kachitsulo kozulira mowongoka, osaiwotcha ndi machesi kapena kuipaka mafuta monga timachitira ndi agalu kwathu. Pakatuluka chibanga chofiira chomakula kapena mwana akatentha thupi, kuchipatala.

Anaphiri a ku Berrien: Nanga bowa? Nkhalango yotere singasowe bowa. Nayenso awolere pomwepo?

Kondwani wa ku Bloomington: Chodabwitsa n'chakuti bowa, mtedza wa m'tchire ndi zipatso amalola kutola zokadya kwanu. Azungu a kuno amapenga ndi bowa wina wa mabowomabowo ngati chisa cha njuchi, amati morel, koma amamera Epulo ndi Meyi.

Mayi a Tadala: Anaphiri, chonde, maso a kwathu asakunyengeni. Kuno kuli bowa woyera bwino wofanana ndi utale, koma amawononga chiwindi, munthu amayamba kumva bwino kenako n'kugwa patapita masiku. Paulendo uno bowa wa m'sitolo yekha.

Bambo a Yamikani: Mwana wanga wamkulu akuti kodi tikaona agwape?

Kondwani wa ku Bloomington: Madzulo m'mbali mwa msewu sasowa, n'chifukwa chake muziyendetsa pang'onopang'ono. Anachulukapo mpaka kudya timitengo tonse tongomera, moti mu 1993 pakiyi inakhala yoyamba mu Indiana kulowetsa alenje kuti awachepetse. Mpaka pano mapaki ena amatsekedwa masiku angapo mu Novembala kapena Disembala pa chifukwa chomwecho. Ife sizitikhudza.

Mayi Busa: Abusa avomera. Lamulungu lachitatu la Okutobala, mapemphero 10 koloko pachisakasa, mphindi 40. Akuti kwaya ikonzeke nyimbo ziwiri.

NaBanda: Mphindi 40 za abusa timazidziwa. Nyemba ndiziika pamoto wochepa.

Ankolo Chisale: Sipika ija ya Bambo a Yamikani itsale. Anthu ena amapita kumeneko kukamva mbalame. Ndipo ogona, ikakwana 11 usiku phokoso amaletsa mpaka 7 m'mawa.

Bambo a Yamikani: Nkhuni ayi, sipika ayi. Ndibwere ndi chiyani ine?

Mayi a Tadala: Mabulangete, bambo. Usiku wa Okutobala kumapiri kuja kumazizira ngati Juni wa ku Dedza, tenti yokha siithandiza. Ndabukitsa chisakasa, madola ake tigawana mabanja, ndikutumizirani aliyense payekha. Amene mukugona Loweruka bukitsani malo anu a tenti lero, ndaona atsala ochepa ku Taylor Ridge. Anaphiri, inu munyamuka Sabata likatha kapena m'mamawa?

Anaphiri a ku Berrien: M'mamawa, 5 koloko tili pamsewu. Tili ndi mipando iwiri yopanda anthu, wa ku Niles kapena South Bend amene alibe galimoto andiimbire.

Kondwani wa ku Bloomington: Ine ndikakhala pageti la kumadzulo kuyambira 8:30 kudikira basi ya mpingo. Mapu amapereka pageti, aliyense atenge, foni musaidalire.